Madola 50 kwa dietitian wa ku Avenues: kodi amathandiza wodwala endometriosis?

Amayi a ku Chigwirizano akhala akundifunsa, ena pamaso, ena potuma ana awo ku shopu kwanga, ngati kupita kwa dietitian, katswiri wolangiza za kadyedwe, kumathandiza munthu wodwala endometriosis kapena ndi kungotaya ndalama. Ndati ndikuyankhireni pamodzi. Pitani, koma mupite mukudziwa chimene mukukalipira. Machiritso kulibe kumeneko. Kuli munthu amene amakhala nanu pansi, n'kusanthula zimene mumadya, n'kukuthandizani kupeza zimene zikukolezera ululu umene ulipo kale. Kwa ine zimenezo zinayenerana ndi madola 50 amene ndinapereka ulendo woyamba. Madola 30 a ulendo wobwereza ndimawadandaulabe, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ine ndine telala, ndimasokera ku Mufakose mu Harare muno, kumene agogo anga aamuna anakhazikika atachoka ku Dedza. Cham'mimba chinandiyamba ndili ku sekondale, chija chogwetsa munthu pansi mpaka kusanza. Kunyumba ankati ndi jeko, dzina la Chishona la ululu wa kumwezi, lidzatha ukadzabereka. Ndinabereka, silinathe. Dzina la matendawa ndinalimva nditapitirira zaka 30, dokotala wa amayi ataona chotupa pa basiketi ya mazira pa sikani, kenako n'kundichita opaleshoni yolowetsa kamera pamchombo, imene amati laparoscopy. Kwa amene simukuwadziwa: minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, pa mabasiketi a mazira, pa machubu, kuseri kwa chiberekero, nthawi zina pa matumbo ndi pa chikhodzodzo. Minofuyo imamvera mahomoni, makamaka estrogen, choncho mwezi ndi mwezi imatupa n'kukha magazi opanda kotulukira. Pamenepo pamabwera zipsera ndi kumatana kwa ziwalo. Bungwe la WHO limati matendawa amagwira pafupifupi mmodzi mwa amayi ndi atsikana 10 alionse a msinkhu wobereka, anthu 190 miliyoni padziko lonse, ndipo limanena mosabisa kuti njira yowapewera siyikudziwika, mankhwala owachiziratu kulibe. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa pa WhatsApp mudzamva zina.

Malo a dietitian amene ndinapitako ali ku Avenues, dera loyandikana ndi pakati pa tauni ya Harare, mu imodzi mwa nyumba zakale zija zimene anazisandutsa zipinda za madokotala. Mukatsika kombi m'tauni pali kamtunda koyenda pansi, ndiye ngati muli m'masiku a ululu musadziyese olimba, sankhani tsiku lina. Kubukitsa kunali kosavuta, pa foni basi. Amene anandikhumudwitsa ndi mtsikana wolandira anthu. M'chipinda chodikirira munali azibambo awiri amene ankakambirana za shuga wawo, iye n'kufunsa mokweza kuti, "Amayi, ndinu aja a vuto la kumwezi?" Zoterezi amafunsa chapansipansi, kapena safunsa n'komwe, poti zinalembedwa kale m'buku lake. Nthawi imene anandipatsa inadutsanso ndithu ndili pa mpando. Medical aid yanga, inshuwalansi ya zachipatala, sinalipire kalikonse. Funsani yanu musananyamuke.

A dietitian eni ake ndi mayi wocheperapo kwa ine, wofatsa pofunsa. Pakhoma panali chikalata cha Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe, bungwe limene limalembetsa anthu a ntchito imeneyi. Chikalatacho muzichiyang'ana kulikonse kumene mungapite. Harare yadzaza ndi anthu odzitcha akatswiri a zakudya amene sukulu yawo inali ya Loweruka limodzi ku hotela, m'chikwama ali ndi tiyi wotsuka chiberekero. Chiberekero sichitsukidwa ndi tiyi, ndipo vuto lathu silili n'komwe m'kati mwake.

Tinkalankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, monga timachitira m'tauni muno. Asanayambe china chilichonse anati, "Amayi, ndineneretu. Palibe chakudya chimene chidzachotse zimene adokotala anaona m'mimba mwanu. Mapiritsi anu musasiye." Ndinali pa dienogest, mapiritsi a mahomoni omwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndidakali pomwepo. Kenako anayamba mafunso. Mumadya chiyani kuyambira m'mawa? Amaphika ndani? Mapoto angati? Magetsi akazima mumatani? Kuchimbudzi mumapita bwanji, kumapweteka kodi? Funso la mapoto ndi limene linandionetsa kuti mayiwa anakulira m'nyumba zonga zathu. Pakhomo pa anthu ambiri ndi mbaula imodzi, kuuza mayi kuti aziphika zakezake tsiku lililonse ndi kumunamiza.

Ndinawafunsa mwachindunji kuti umboni uli pati, popeza ndinatopa ndi kungouzidwa. Anandifotokozera za kafukufuku wamkulu wa ku America, Nurses' Health Study II, amene wakhala akutsatira anamwino oposa 100,000 kuyambira mu 1989. Mu 2010 ofufuzawo anapeza kuti anamwino odya kwambiri mafuta a omega-3, a m'nsomba, chiopsezo chawo chopezeka ndi matendawa chinali chotsika ndi 22 peresenti poyerekeza ndi odya ochepetsetsa, pamene odya kwambiri mafuta a trans, aja a m'majarini olimba ndi m'zokazinga zogulitsa, chiopsezo chinakwera ndi 48 peresenti. Mu 2018 anapezanso kuti odya nyama yofiira koposa kawiri pa tsiku chiopsezo chinali chokwera ndi 56 peresenti poyerekeza ndi odya kamodzi pa sabata kapena kuchepera apo, ndipo odya malalanje ndi zipatso za mtundu wake tsiku ndi tsiku chinali chotsika ndi 22 peresenti.

Pa nyamapo ndinaseka. Kawiri pa tsiku? Ku Mufakose? Nawonso anaseka, koma anati tiwerenge bwinobwino: poloni ya m'buledi m'mawa, soseji ya Russian ndi tchipisi ku shopu maoda a yunifolomu akachuluka mu Januwale, nyama yootcha ya kwa Mereki mwezi ukatha. Sizinafike pa anamwino aja, komanso sizinali zochepa.

Chimene ndinawakondera ndi chimene ananena pambuyo pake. Anati kafukufuku wotere amangoona amene adwala ndi amene sanadwale. Satsimikiza kuti nyamayo ndiyo yadwalitsa, ndipo sanena kanthu za munthu amene matenda anamera kale. Anamwinowo ambiri ndi azungu a ku America, si odya nsima ya rape ayi. Anawonjezera kuti bungwe la madokotala a za ubereki ku Ulaya, ESHRE, m'malangizo ake a 2022 linati umboni sunakwane woti lilimbikitse kadyedwe kena kalikonse ngati chithandizo cha endometriosis. Munthu amene amadyera ntchito ya zakudya akakuuza zimenezo ndi pakamwa pake, ndiye kuti sakufuna kukubera. Chifukwa choyeserabe, anati, chilipo. Ululu wa kumwezi umachokera kwambiri ku timadzi totchedwa prostaglandin, timene thupi limapanga kuchokera ku mafuta amene timadya, ndipo ibuprofen imathandiza poletsa timadzi tomweto. Mafuta a m'nsomba amatulutsa mtundu wosatupitsa kwambiri. Estrogen imene chiwindi chathana nayo imatuluka ndi chimbudzi, ndipo zakudya zosakonola zimathandiza kuti isabwerere yambiri m'magazi.

Za kudya zenizenizo sizinali zachilendo. Mackerel wa m'mabutchala wochokera ku Namibia, pilchards za m'chitini, ndi kapenta wa ku Kariba amene timadya ndi mutu ndi minga yomwe, n'kupezamo calcium. Kapenta wouma amakhala ndi mchere wambiri, ndiye aziviikidwa kaye m'madzi ofunda. Nditatchula usipa umene azakhali amanditumizira pa basi yodzera ku Tete ndi ku Nyamapanda, anafunsa kuti ndi nsomba yotani. Ataona chithunzi pa foni anati nawonso ulowe. Nsima ikhale ya roller meal, mgaiwa wathu uja, osati ufa woyera mbee, ndipo nthawi zina kusakaniza ndi mawere kapena mapira. Masamba tsiku lililonse: nkhwani wotendera, bonongwe, luni, mpiru, rape, covo, therere. Mafuta okazingira akhale pang'ono, ndipo aja akuda obwerezabwereza atayidwe. Zonsezi ndimazipeza ku Mbare Musika pa ndalama yochepa kuposa ya poloni ndi ma Russian aja.

Koma phindu lenileni linali pa kutupa kwa mimba, ndipo apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Amene muli ndi matendawa mukudziwa: m'mawa siketi ikukwana bwino, pofika masana mimba yafufuma mpaka makasitomala ayamba kufunsa kuti mwanayo ndi wa liti. Funso limenelo limalasa, makamaka kwa munthu amene wakhala akufuna wachiwiri osamupeza. Ndinafika pomadzisokera masiketi a lasitiki okhaokha.

Anandiuza kuti amayi ambiri a endometriosis amakhalanso ndi vuto la matumbo limene amati IBS, lopweteka ndi kufufuma m'mimba, kudzimbidwa kapena kutsegula, ndipo kutupa kwina kumachokera kumeneko. Njira imene anandiyikapo ndi ya low FODMAP, yochokera ku Monash University ku Australia. Kwa masabata ochepa, osapitirira 6, umasiya zakudya zokhala ndi mitundu ina ya shuga imene matumbo sayamwa bwino, imene imakoka madzi n'kuwira m'mimba n'kupanga mpweya: anyezi, adyo, za tirigu, nyemba, mkaka, mango, maapulo, mavwende, uchi. Kenako umabwezera chimodzichimodzi, ukulemba m'kabuku zimene mimba yachita. Kafukufuku wa ku New Zealand wa mu 2017 anapeza kuti amayi 72 pa 100 alionse okhala ndi endometriosis pamodzi ndi IBS anapezako bwino m'matumbo patatha masabata 4. Anali kafukufuku wamng'ono, anatero okha. Anatsindikanso kuti si kadyedwe ka moyo wonse. Ukakhalitsapo umamana thupi ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo zakudya zofunika.

Kunena n'kosavuta. Ndiwo zopanda anyezi pakhomo pa Mchewa ndi mlandu. Bambo a kunyumba anapirira poyamba, kenako anafunsa ngati ndalama ya ndiwo yatha. Amayi awo atabwera kudzacheza analawa nkhwani n'kuyika supuni pansi: "Apongozi, kodi mwalowa mpingo woletsa anyezi?" Apa a dietitian anandithandiza ndi nzeru za kukhitchini, osati za m'buku. Ndiwo ziziphikidwa ndi tomato kaye, ndipatule gawo langa, anyezi akazingidwe pambali n'kuthiridwa mu za enawo. Ine ndizidula masamba obiriwira okha a anyezi wamasamba, amene savuta. Anandichenjeza kuti kuchotsa zidutswa za anyezi mu msuzi wophika kale sikuthandiza, chifukwa shuga wovutayo amasungunuka m'madzi n'kutsalira mu msuziwo. M'mafuta sasungunuka, choncho adyo ukhoza kumukazinga m'mafuta, n'kumuchotsa, mafutawo n'kutsala ndi fungo lokha. Kanthu kakang'ono ngati kameneka palibe amene anandiuzapo zaka zonsezi. Nsinjiro ndi chiponde sizivuta, ndiye kutendera kunandipulumutsa.

Pobwezera zakudya zija zinadziwika zondivuta: anyezi, adyo, buledi akachuluka, ndi mango, amene ndimawalira Disembala aliyense. Nyemba ndimatha kudya pang'ono zikaviikidwa usiku n'kutaya madziwo. Mkaka ndi lacto, chambiko chogula chija, sizindichita kanthu. Zanu zidzakhala zina; ndiye chifukwa chake kabuku kaja n'kofunika kuposa mndandanda wa munthu wina.

Pa mkakapo ndipamene ndinaonanso kusiyana kwawo ndi alangizi a pa intaneti, aja oti siyani mkaka, siyani gluten wa m'zakudya za tirigu, siyani soya, siyani khofi, mpaka munthu kutsala ndi madzi ndi nkhaka. Anakana. Anati mwa anamwino omwe aja, mu 2013 zinaoneka kuti odya kwambiri za mkaka ndi amene anali ndi chiopsezo chotsikirapo. Za gluten anati pali kafukufuku wa ku Italy wa mu 2012 mmene amayi 75 pa 100 alionse ananena kuti ululu unachepa atasiya gluten kwa chaka, koma panalibe gulu lina lowayerekeza nalo, ndipo n'kutheka kuti chowavuta m'buledi sichinali gluten koma shuga wowira m'mimba uja. Kugula buledi wopanda gluten wa mtengo wokwera ku masitolo a kumpoto kwa tauni anati n'kosafunika kwa ine.

Nkhani ina imene sindinaiganizire ndi ya magazi. Munthu wotaya magazi ambiri mwezi ndi mwezi, akachepetsanso nyama, akhoza kugwa ndi kuchepa kwa magazi. Ananditumiza kukayezetsa ndisanasinthe kalikonse, ndipo ayironi anapezeka wotsika. Mapiritsi a ayironi amaumitsa chimbudzi, ndipo kudzimbidwa kwa munthu amene matumbo ake anamatana ndi ululu wina wosaneneka. Ndiye anati nyama isathe kotheratu, ingochepa. Kachiwindi apo ndi apo ngati ulibe pakati. Masamba adyedwe pamodzi ndi lalanje kapena madzi a malambe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi atalikirane ndi chakudya kwa ola limodzi, popeza amatsekereza ayironiyo. Ine amene ndinkatsitsira nsima ndi tiyi wa masamba ambiri, ichi chinandivuta kuposa nyama. Anakumbutsanso kuti ibuprofen isamwedwe m'mimba mopanda kanthu.

Tsopano zondinyansa. Pepala limene anandipatsa potuluka linali lotengedwa kwina: salmon, quinoa, blueberries, mkaka wa almond. Zakudya za ku Borrowdale, kwa anthu olemera. Anachita kufufuta ndi cholembera n'kulemba kapenta ndi mawere pambali. Ngati akudziwa kuti odwala awo ambiri amagula ku Mbare, bwanji osalemba pepala lawolawo? Mayi wosadziwa Chingerezi bwino akafika nalo kunyumba angoliyika m'Baibulo n'kuliiwala.

Ulendo wobwereza, wa madola 30 uja, nthawi yambiri inathera pa sikelo ndi tepi yoyezera m'chiuno, pamene ine sindinapite kukachepetsa thupi. Zimene tinakambirana za kabuku kanga zikanatheka pa foni. Pa foniponso, mauthenga amayankhidwa mochedwa; unafunsa za chakudya cha Lachiwiri, yankho likubwera sabata ikutha. Sanalembere kalata dokotala wanga wa amayi, ine ndi amene ndinkanyamula mapepala uku ndi uku. Ndipo pa tebulo la mtsikana uja pali mabotolo a makapisozi a mafuta a nsomba ndi vitamini D, amene amakukakamiza nawo potuluka. Chodabwitsa n'chakuti a dietitian omwewo anali atandiuza m'chipindamo za kafukufuku wa ku Boston wa mu 2020, wa atsikana ndi amayi achichepere a endometriosis, mmene mafuta a nsomba ndi vitamini D sizinaposere kwenikweni mapiritsi opanda mankhwala pochepetsa ululu. M'kati akunena zoona, pakhomo akugulitsa. Sindinagule, ndalamayo inapita ku mackerel.

Nanga panopa ndili bwanji? Mimba sikufufumanso monga kale, ndabwerera ku masiketi a zipi. Kuchimbudzi kumapweteka mocheperapo, ndipo masana sindigonanso pa makina. Ululu wa m'chiuno ndi wa msana udakalipo, wachepa koma ulipo, ndipo mbali yaikulu ya kuchepako ndimaipereka kwa mapiritsi ndi opaleshoni, osati kwa mbale. Ntchito ya dietitian pa matendawa ili ngati yanga munthu akabwera ndi diresi losokedwa kale ndi wina: ndikhoza kumasula pothina, kubweza msoko wopotoka, koma nsaluyo ndi yomweyo.

Amene sindingamutume kumeneko ndi mtsikana kapena mayi amene sanapimidwe. Ngati mwana wanu akujomba kusukulu mwezi uliwonse chifukwa cha cham'mimba, ngati kukhala malo amodzi ndi abambo kumapweteka m'kati, ngati kuchimbudzi kapena pokodza kumapweteka m'masiku a kumwezi, madola 50 amenewo apite kaye kwa dokotala wa amayi. Opanda ndalama ya madokotala a ku Avenues ayambire ku polikiliniki ya khonsolo n'kupempha kalata yopita ku chipatala chachikulu cha boma cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. Zotupa za pa mabasiketi a mazira zimakula munthu ali kalikiliki kusinthasintha ndiwo. Atsikana makamaka musawayike pa kadyedwe kosala zambiri popanda wowayang'anira. Ena amayamba kuopa chakudya n'kuwonda moopsa.

Amene mwapimidwa kale, ndipo mimba imakufufumani kapena matumbo amakuvutani, ulendo umodzi ndi wokwanira kuyambira. Musanapite lembani kwa masabata awiri zonse zimene mwadya, nthawi imene mimba yatupa, ndi masiku a kumwezi. Tengani mapepala a sikani, a opaleshoni, zotsatira za magazi ndi mabokosi a mapiritsi anu. Ngati mukufuna pakati nenani pachiyambi, chifukwa malangizo ena amasintha. Mufunsiretu ngati kubwereza kungatheke pa foni pa mtengo wotsikirapo, ndipo muwapemphe kuti pepala lanu alembe zakudya zimene mungathe kugula kumene mumakhala.